Mjigo wathu wafa: kodi tidikire amene anaukumba?

FUNSO: Ndine mayi wa m'dera la Mfumu Yaikulu Kunthembwe m'boma la Blantyre. Namondwe wa Freddy atadutsa mu 2023, bungwe lina lachifundo linatikumbira mjigo, ndipo chilala cha 2024 chitapsereza chimanga chathu tinalandiranso chakudya cha thandizo. Tsopano mjigowo wafa, tabwerera kukatunga kumtsinje, ndipo dimba limene tinkathirira ndi madzi otayikira pamjigo lauma. Ena m'mudzi akuti tidikire eni ake amene anaukumba. Kodi udindo wokonza ndi wa yani?

YANKHO: Mayi, musadikire. Bungwe likamaliza kukumba mjigo n'kuupereka m'manja mwa mfumu ndi anthu ake, eni ake amakhala inuyo, ndipo dongosolo la boma ndi lakuti mjigo uliwonse ukhale ndi komiti yosankhidwa ndi mudzi, yoti iziusamala ndi kusunga ndalama zokonzetsera. Mabungwe ambiri amagwira ntchito ndi ndalama zoperekedwa kwa nyengo yoikika, kotero kuti nyengoyo ikatha amasamukira kwina kumene ngozi yagwa kumene.

Chakudya chimene munalandira chinayendera njira yomweyo. Mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agweredwa ndi ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño, ndipo nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ya DoDMA, pamodzi ndi mabungwe monga loona za chakudya padziko lonse la WFP inagawa chimanga kapena ndalama kuti mabanja adutse miyezi ya njala mpaka nthawi yokolola. Thandizo lotere ndi lopulumutsa moyo, ndipo palibe chamanyazi kulilandira, koma silinakonzedwe kuti lizibwera chaka ndi chaka.

Tibwerere ku mjigowo. Mijigo yambiri m'midzi ya m'dziko muno ndi ya mtundu wa Afridev, umene unapangidwa dala kuti anthu akumudzi azitha kuumasula ndi kuukonza okha popanda makina akuluakulu. Kawirikawiri chimene chimatha ndi timphira tam'kati ndi tizipangizo tina ting'onoting'ono tosakwera mtengo, koma tikapanda kusinthidwa msanga timawononga ndodo ndi mapaipi, ndipo pamenepo ndalama yake imakula. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti muyambe mwapempha amfumu aitanitse msonkhano, komiti ifotokoze ndalama zimene zilipo, ndipo ngati komitiyo inamwazikana, musankhe ina momwe amayi akhale ochuluka, pakuti ndiwo amayamba kuzindikira chogwirira chikayamba kulemera kapena madzi akamachedwa kutuluka. Mukatero muitane makaniko wa mijigo wa m'dera lanu adzaone chimene chavuta. Banja lililonse lizisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, ngakhale mjigo uli bwinobwino, ndipo zonse zizilembedwa m'kope loti aliyense athe kuliona. Mikangano yambiri ya pamjigo imayambira pa ndalama zosalembedwa. Okalamba ndi ovutikitsitsa, mudzi ungagwirizane zowakhululukira.

Pali zina zimene mudzi sungathe paokha. Ngati makaniko apeza kuti madzi anaphwa pansi, kapena kuti dzenje linagumukira mkati, nkhaniyo muipereke ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ya VDC, kuti idutse ku komiti ya chitukuko ya dera lonse la mfumu yaikulu, ya ADC, mpaka ikafike ku ofesi ya zamadzi ya khonsolo ya boma la Blantyre. Lembani kalata, ndipo musunge ina yofanana nayo.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi akumtsinjewo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo unachititsa kuti sukulu za mumzinda wa Blantyre zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023. Pamene mukudikira kuti mjigo ukonzedwe, madzi onse akumwa muziwawiritsa kapena kuthiramo klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, ndipo muziwasunga m'chigubu chovindikira.

Za dimbalo, lidzukenso mjigo ukangoyamba kugwira ntchito, koma muzithirira ndi madzi otayikira okha monga munkachitira, ndipo gawo lina la ndalama za mpiru ndi tomato lizilowa m'thumba la komiti, lothandizira kugula timphira tija tisanathe.