Achemwali, lembani za Garaikoetxea

Mwafunsa kuti pa ntchito yanu ya kuyunivesite, yonena za momwe dziko la Spain linatulukira mu ulamuliro wankhanza wa Franco, mulembe za ndani pakati pa andale a chi Basque, mtundu wa anthu a kumpoto kwa Spain, poti aphunzitsi akufuna munthu mmodzi osati chipani. Ndaona ena akukuuzani Xabier Arzalluz. Ine ndikuti tengani Carlos Garaikoetxea, amene anatsogolera boma la a Basque kuyambira 1980.

Arzalluz nkhani yake ndi yokoma, sindikana. Anali wansembe wa chi Jesuit asanalowe ndale, ndipo pakamwa pake panali pakuthwa. Koma mphamvu zake zinali mkati mwa PNV, chipani chachikulu chomenyera ufulu wa a Basque, kumene zambiri zimakambidwa chitseko chili chotseka. Garaikoetxea ndi amene anakhala pampando poyera, ndipo zomwe anachita zili ndi masiku ake oti mungathe kuwalondola.

Anabadwa mu 1938 ku Pamplona, m'chigawo cha Navarra, ndipo anaphunzira zamalamulo ndi zachuma. Musadumphe mfundo ya kwawoyi. A PNV amati Navarra ndi mbali ya dziko la a Basque, koma boma la a Basque litakhazikitsidwa munalowa zigawo zitatu zokha: Araba, Bizkaia ndi Gipuzkoa. Navarra inatsala payokha. Munthu anatsogolera boma limene kwawo kwenikweni sikunali m'malire ake. Chilankhulo cha a Basque, Euskara, nachonso anachita kuphunzira atakula, ndipo ine ndimamupatsa ulemu pa chimenechi, chifukwa ndi chilankhulo chosafanana mpang'ono pomwe ndi Chisipanishi.

Franco anamwalira pa 20 November 1975. Mu 1977 Garaikoetxea anasankhidwa kukhala mkulu wa komiti yaikulu ya PNV. Pa referendamu ya malamulo aakulu a dziko pa 6 December 1978, chipani chake chinauza anthu kuti asakavote. Sichinati akane, chinangoti akhale pakhomo. Chifukwa chake chinali choti a PNV ankafuna kuti ufulu wakale wa zigawo zawo, umene amautcha fueros, uvomerezedwe kuti unalipo kale malamulowo asanalembedwe, osati ngati mphatso yochokera ku Madrid. Koma patangopita miyezi, mu July 1979, Garaikoetxea yemweyo anali ku Moncloa, nyumba ya nduna yaikulu ku Madrid, akukambirana ndi nduna yaikulu Adolfo Suárez maso ndi maso za lamulo loti a Basque azidzilamulira, lotchedwa lamulo la Gernika, ndipo anthu analivomereza pa 25 October 1979. Apa ndi pamene pali nyama ya ntchito yanu. Kodi munthu angakane bwanji kudalitsa malamulo a dziko, kenako nkumanga boma lake pamwamba pa malamulo omwewo? Mukayankha funso limeneli bwino, theka la ntchito latha.

Chisankho cha March 1980 chitachitika, anakhala lehendakari, kutanthauza mtsogoleri wa boma la a Basque. Panalibe chilichonse choti angolowamo. Mu 1981 anabweza dongosolo loti Bizkaia ndi Gipuzkoa zizitolera zokha misonkho nkumapereka gawo ku Madrid, lomwe Franco anazilanda mu 1937 powalanga chifukwa chomutsutsa pa nkhondo yapachiweniweni. Apolisi awo a Ertzaintza anayamba mu 1982, wailesi yakanema ya ETB inatsegulidwa usiku wa pa 31 December chaka chomwecho, ndipo mu August 1983 madzi osefukira anasakaza Bilbao, boma latsopanolo nkuyesedwa pamaso pa aliyense. Zonsezi zinkachitika magazi akukhetsedwa. Chaka cha 1980 ndi chomwe gulu la zida la ETA, lomwe linkafuna kuti a Basque akhale dziko paokha, linapha anthu ambiri kuposa chaka china chilichonse, ndipo pa 23 February 1981 Tejero, mmodzi wa akuluakulu a apolisi achisilikali a Guardia Civil, analowa ndi mfuti m'nyumba ya malamulo ku Madrid kufuna kulanda boma.

Ndikuchenjezeni pamenepa: musalole kuti ETA imeze ntchito yanu. Ambiri akamva za a Basque amathamangira kumeneko. Ipatseni ndime imodzi yolemekeza amene anaphedwa, kenako bwererani kwa munthu wanu.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi kugwa kwake. Anapambananso mu 1984, chipani chake chili ndi mipando 32 m'nyumba ya malamulo ya a Basque, koma chaka chisanathe chipani chomwecho chinamuchotsera chikhulupiriro, ndipo mu January 1985 José Antonio Ardanza analowa m'malo mwake. Anakangana pa nkhani yoti ndalama ndi mphamvu zikhale kuti: iye ankafuna boma lolimba ku likulu lawo, Vitoria-Gasteiz, pomwe akuluakulu achipani, makamaka a ku Bizkaia, ankafuna kuti makhonsolo a zigawo zitatu zija asunge zambiri. Pamwamba pa izo, PNV ili ndi mwambo woti mkulu wa chipani ndi mkulu wa boma asakhale munthu mmodzi, ndiye funso loti womvera mnzake ndani linali losathawika. Arzalluz mumupeza pomwepa, ali tsidya linalo, choncho simumutaya ayi. Mu 1986 chipani chinagawanika, Garaikoetxea ndi anzake anayambitsa Eusko Alkartasuna, ndipo pa chisankho cha November chaka chomwecho PNV inatsika kufika pa mipando 17, chipani chatsopanocho nkupeza 13.

Dulani ntchito yanu kuyambira 1977 kulekeza 1986. Zapambuyo pake, monga uphungu wake ku nyumba ya malamulo ya ku Ulaya, chiganizo chimodzi chikwana. Iye mwini analemba buku la zomwe anakumbukira mu 2002, koma muliwerenge podziwa kuti akudziikira kumbuyo, ndipo muliyerekeze ndi nyuzi za nthawiyo. Nyuzi zakale za El País zilipo pa intaneti kuyambira 1976. Mukamasaka, yesaninso kulemba Garaicoechea, chifukwa zolemba zambiri zakale zinkalemba dzina lake choncho, ndipo mukangodalira kalembedwe kamodzi zina zikudutsani.