Feteleza wagwirana ngati mwala, chalakwika nchani?

Bambo ena aku Limbuli andifunsa kuti alangizi, thumba la Urea ndinatsegula mu Januwale nkutsalako theka, pano ndapeza wagwirana ngati mwala komanso pansi pathumba ponyowa, chonsecho denga silidontha, kodi anandigulitsa wachinyengo?

Ayi bambo sanakubereni. Urea ndi waludzu, amayamwa chinyezi chamumpweya ngati mmene umachitira mchere nthawi yadzinja, mwaonapo ukulendera madzi mmbale osathiridwa kanthu. Chinyezi chikangofika cha mma 75 pa 100 basi wayambapo kumwa, ndiye kwathu kuno ndi chiperoni cha Juni ndi Julaye chija, nkhungu kutsika mphiri mpaka pakhonde, zovala masiku atatu osauma, thumba losamanga lingapulumuke bwanji? Akanyowa nkuumanso ndipomwe amapanga zibuluma zimenezo. Feteleza wa CAN ndiye amamwa msanga kuposa Urea, ndipo chonde awiriwa musamasakanize nkusunga, mudzapeza phala lokhalokha.

Wanuyo musataye, phwanyani zibulumazo ndi mtengo mudzathire, mphamvu yambiri ikadalimo, wapita ndi amene anasungunuka nkudonthera pansi yekhayo. Ulendo wina mangani kaye pulasitiki yamkati ija zolimba kenako thumba lakunja, muike pamatabwa osati pasimenti, komanso lisatsamire khoma. Zimandiwawa kuona thumba la 50kg lomwe munthu anagulitsira mbuzi lili kukamwa yasa kuseli kwachitseko.

Mayi ena aku Thekerani akuti chimanga anayanika bwinobwino koma mmatumba chayamba kununkha chuku. Mayi, chimanga nachonso chimamwa, chouma chomwecho chikakhala pozizira ponyowa chimabwereranso mmbuyo. Chosunga chimafunika chinyezi chisapose 13 pa 100, ndipo poti makina oyezera ambiri tilibe yesani ndi mchere womwewo. Tengani botolo lagalasi louma bwino, muthiremo chimanga chodzadza dzanja ndi masipuni awiri amchere woyanika padzuwa, tsekani, khutchumulani, dikirani mphindi 15 nkukhutchumulanso. Mchere ukamatirira mmbali mwabotolo ndiye kuti sichinaume, chibwerere pamphasa, ndipo musachitsekere mu PICS, matumba osalowa mpweya aja, chili choncho, chikaolera momwemo.

Chomwe chachita kale chukucho sankhani mutaye, musapite nacho kuchigayo olo kupatsa nkhuku, chuku china chimakhala ndi poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi ndipo kuphika sikumuchotsa.