Ali akanapambana, ndipo mkangano umenewu unandichotsa dzino

Mwafunsa kuti akatswiri a nkhonya Muhammad Ali ndi Mike Tyson akanakumana mu ring akanapambana ndani. Ali, achimwene. Ali wa 1967 akanamumenya Tyson wa 1988. Ndikulemba izi mtima ukuwawa chifukwa mkangano womwewu ndi umene unandichotsa dzino lakutsogolo, n'kundidanitsa ndi mlamu wanga mpaka lero.

Musaganize kuti Tyson sindimudziwa. Tyson ali ndi zaka 20 zokha anagwetsa Trevor Berbick mu raundi yachiwiri mu 1986 n'kutenga lamba. Michael Spinks anangotha masekondi 91. Anthu ankagonja asanakwere n'komwe mu ring, mantha okhaokha. Koma ndiuzeni nkhondo imodzi yokha imene Tyson anagwetsedwa, n'kudzuka, n'kupambana. Palibe. Ku Tokyo mu 1990 Buster Douglas, wamtali, wa jab (chibakera chowongoka cha dzanja lakutsogolo) yabwino, wopanda mantha, anamumaliza mu raundi ya 10. Holyfield anamumaliza mu raundi ya 11 mu 1996, ndipo chaka chotsatira zinthu zitathina Tyson anangoluma khutu.

Zimenezi n'zimene ndinkauza mlamu wanga mu June 2002, pamene Tyson ankakakumana ndi Lennox Lewis ku Memphis. Iye kukamwa kunali "Tyson amenya aliyense, ngakhale Ali wakoyo akanafera mu raundi yoyamba." Tinabetcherana pamaso pa anthu. Ine ndinaika njinga yanga imene ndinkapitira kuntchito, iye anaika wailesi yake ya makaseti. Zonse ziwiri tinasiya m'manja mwa mwini bala ina ku Ndirande imene inali ndi dishi. Tinachezera usiku wonse, kuzizira kwa June kuja, chifukwa nkhonya za ku America kuno zimafika m'bandakucha.

Raundi yoyamba Tyson anabwera ndi ukali, bala yonse inaimirira, mlamu n'kumandigwedeza phewa kuti ndiyambe kuzolowera kuyenda wapansi. Kenako Lewis anayamba kumubaya jab. Jab, jab, lamanja. Tyson akayandikira, Lewis n'kumukumbatira n'kumutsamira ndi thupi lonse. Maso a Tyson anachekeka, magazi kumatsika, phokoso m'bala muja n'kumachepa. Raundi ya 8 chibakera chalamanja chinamupeza, munthu uja chagada, oyimbira n'kuwerenga mpaka 10. Ine sindinakuwe, sindinanyoze munthu. Ndinangopita pa kauntala n'kunena kuti bwana, ndipatseni katundu wanga. Mlamu anatchinga kutsogolo kwanga. Akuti kubetcha kwafa chifukwa ameneyu si Tyson weniweni, wakalamba, weniweni ndi wa 1988. Ndinamuyankha kuti alamu, Lewis anabadwa 1965, Tyson 1966, wokalamba ndani apa? Anthu anaseka. Kuseka kumeneko n'kumene kunamupsetsa mtima. Ndinangoona botolo likubwera. Ndinagwera pa makireti, m'kamwa mutadzaza magazi, ndikumva kanthu kolimba pa lilime, kulavula ndi dzino langa. Malaya oyera amene ndinkafuna kupita nawo kutchalitchi m'mawa womwewo anafiira mpaka m'thumba. Anyamata amene usiku wonse ankamwa mowa wogula ine, palibe ndi mmodzi yemwe anandidzutsa. Ankangoti "zapachibale izi, tisalowerere."

Ndipo mwini bala uja, munthu wamkulu ndithu, amene anagwira manja athu onse awiri pobetcherana! Anapereka wailesi kwa mlamu, njinga yanga n'kuitsekera kuseri akuti mpaka ndilipire mabotolo osweka. Ine wophwanyidwa, ine wolipira. Sabata yonse ndinayenda wapansi kupita kuntchito ku Ginnery Corner mlomo uli ndundundu. Kunyumba mayi a ana ankalira, mbali iyi mwamuna, mbali iyo mchimwene wawo. Akuluakulu a banja atakhala pansi anati tingokhululukirana poti unali mowa. Mowa wanji? Munthu uja mpaka lero sanabwere kudzanena kuti pepani, ndipo pamaliro tikakumana amayang'ana kumbali ngati wolakwa ndi ine. Munthu wosadziwa kugonja ndi woipa, abale.

Ndiye ndikaona m'gulu muno ena akulemba kuti "Tyson wa 1988", magazi amandiwira, chifukwa ndi mawu omwewo. Tyson wawoyo ndi wa zaka zitatu basi. Akagonja, akuti Cus D'Amato amene anamuphunzitsa nkhonya anali atamwalira. Akagonjanso, akuti anachotsa kochi wake Kevin Rooney. Kenako akuti ndende inamuwononga. Nanga Ali? Anamulanda lamba mu 1967 chifukwa chokana kupita kunkhondo ya ku Vietnam, anakhala zaka zoposa zitatu osamenya, zaka zimene thupi linali pachimake, koma anabwerera. Ken Norton anamuthyola nsagwada mu 1973, iye n'kumaliza maraundi onse 12. Ku Kinshasa mu October 1974 anakumana ndi George Foreman wa zaka 25, yemwe anali atagwetsa Joe Frazier kasanu ndi kamodzi m'maraundi awiri okha. Ali, wa zaka 32, anatsamira zingwe, n'kumalandira zibakera m'nthiti mpaka Foreman anatopa, n'kumugwetsa mu raundi ya 8. Munthu amene sanaope Sonny Liston, sanaope Foreman, akanaopa Tyson?

Chimodzi ndivomere. Ali ankapezeka ndi left hook, chibakera chokhota chamanzere. Henry Cooper anamugwetsa nayo ku London mu 1963, Frazier anamugwetsa nayo mu raundi ya 15 ku New York mu 1971, ndipo Tyson anali nayo yoopsa, yothamanga kuposa ya Frazier. Maraundi anayi oyamba akanakhala oopsa kwa Ali, mwina akanagwa kumene. Koma konse kuwiriko anadzuka. Ali anali wamtali masentimita 191 (Tyson 178), wa manja aatali, miyendo yosatopa. Akanamuzungulira, kumubaya, kumugwira khosi, kumunong'oneza zonyoza m'khutu. Ndipo ngati nkhondoyo ili ya maraundi 15 monga zinalili nthawi ya Ali, ku Manila mu 1975 anapirira 14 ndi Frazier m'kutentha koopsa. Tyson sanamenyepo kupitirira 12.

Za Berbick musandiuze, kuti anamenya Ali ndiye Tyson n'kumenya Berbick. Uja anali Ali wa mu 1981, wa zaka 39, wodwala kale, amene sankayenera kukweranso mu ring.

Langizo langa, achimwene, mkanganowu usiyeni. Anthu awiriwa sanakumanepo mu ring, palibe oyimbira amene adzakweze dzanja la wina, ndiye musataye chibale kapena dzino chifukwa cha zimenezi. Makamaka pamowa, ingonenani kuti onse anali akatswiri n'kusintha nkhani. Koma wina akakuuzani kuti Ali akanafera mu raundi yoyamba, musamusiye, mufunseni za Tokyo mpaka ayankhe. Ndipo mukabetcha pa nkhonya zilizonse, lembani papepala, asaine pali mboni, katunduyo asunge munthu wosamwa.