Verification ndi validation si chinthu chimodzi

Achimwene, mwafunsa ngati verification ndi validation n'zofanana. Ayi ndithu. Verification imafunsa kuti, kodi chinthuchi tachipanga monga mapulani ananenera? Validation imafunsa kuti, kodi chikugwiradi ntchito yomwe chikufunikira, pamalo ake enieni?

Taonani roketi ya Ariane 5. Pa 4 Juni 1996 inaphulika ku Kourou, malo oulutsira maroketi ku French Guiana, patangodutsa masekondi pafupifupi 40 chiyatsireni injini yake. Pulogalamu yoyeza kayendedwe kake inatengedwa ku roketi yakale ya Ariane 4, komwe inkagwira bwinobwino. Koma Ariane 5 inkathamanga kwambiri chopingasa, nambala ina inakula mpaka osakwananso mu 16-bit (malo ochepa osungiramo nambala m'kompyuta), makompyuta onse awiri oyeza kayendedwe, yaikulu ndi yothandizira, n'kuima. Chimandiwawa n'chakuti pulogalamuyo sanaiyese ndi ulendo weniweni wa roketi yatsopanoyo, anangodalira kuti kale inkayenda bwino: apa ndiye panasowa validation.