Mnyamata wa phee akufuna kupanga mafilimu

Mayi wina wa ku Kapata, ku Chipata, wandilembera za mwana wawo wa giredi 11. Akuti ndi wa phee, kumpira sapita, amangodzitsekera ndi buku la The Perks of Being a Wallflower, akamaliza n'kuonera filimu yake pafoni. Pano wayamba kunena kuti adzaphunzira zopanga mafilimu. Mayiwa akufunsa ngati mwanayu ali bwinobwino, komanso ngati ntchito imeneyi ingamudyetse.

Amayi, bukulo musamulande. Ndi la Stephen Chbosky, linatuluka mu 1999, ndipo lonse ndi makalata amene Charlie, mnyamata wamanyazi wa ku Pittsburgh, amalembera munthu wosamutchula dzina. Ana ofatsa amadzipeza mwa Charlie. Koma dziwani kuti muli nkhani zolemera: mnzake amene anadzipha, mankhwala osokoneza bongo, ndi nkhanza imene Charlie anachitiridwa ali wamng'ono. Muliwerenge nanunso, kapena muonere naye filimuyo.

Chofunika kuyang'ana ndi ichi: kodi anabadwa wofatsa, kapena wangosintha posachedwa? Ngati ndi mmene alili kuyambira kale, akudya, akugona, kusukulu zikuyenda, musiyeni. Koma mwana amene anali wolongolola n'kungoti zii mwadzidzidzi, pamakhala china. Buku la Speak la Laurie Halse Anderson, limene linapangidwa filimu mu 2004, likukamba za mtsikana amene analeka kulankhula atagwiriridwa, akuluakulu n'kumangoti ndi mwano. Zikakhala choncho, kaonaneni ndi aphunzitsi a uphungu pasukulu pake kapena achipatala.

Za ntchitozo, muyambe mwamuyesa. Filimu ya buku la Charlie lija, ya mu 2012, anaitsogolera Chbosky yemweyo, ndipo vuto lake linali lakuti maganizo a munthu wosalankhula saoneka pa kamera. Zambiri za m'makalata zinayenera kuoneka pankhope ya Logan Lerman, amene anasewera ngati Charlie, zina n'kudulidwa. Mufunseni mwana wanu kuti Chbosky anadula ziti, ndipo chifukwa chiyani. Akayankha mosadodoma mpaka nsima kuzizira, diso la ntchitoyi ali nalo. Luso lomwelo ndi limene limafunika pa mayeso a Literature in English.

Musamunamize, komabe. Mafilimu muno mu Zambia nthawi zambiri sapereka malipiro a pamwezi, ndipo wotsogolera filimu amalamula gulu la anthu tsiku lonse. Munthu wofatsa amakhazikika bwino pa kulemba nkhani, kukonza mawu, kapena kulumikiza zithunzi pa kompyuta. Aonerenso I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, ya mu 2017. Kamtsikana kake Shula sikalankhula kwenikweni, koma filimuyo inapata mphoto ya mafilimu ya ku Britain yotchedwa BAFTA mu 2018.

Choyamba ndi satifiketi ya giredi 12 yokhala ndi makirediti asanu, Chingerezi chili momwemo. Akatero afunsire ku University of Zambia, Evelyn Hone College kapena ZAMCOM ku Lusaka, kumene amaphunzitsa utolankhani ndi zofalitsa nkhani. Padakali pano foniyo isamangokhala yoonerapo. Nc'wala ya ku Mtenguleni mu February ndi Kulamba ya ku Mkaika mu August zili pakhomo pompano. Apemphe chilolezo kwa oyang'anira mwambo, ajambule kafilimu ka mphindi zitatu, akakonze yekha, adzakuonetseni.