Yankho kwa amalume pa nkhani ya manyowa

Amalume, mwaswera bwanji? Uthenga wanu ndaumva, uja mwafunsa ngati manyowa angadwalitse munthu, poti chitembenuzireni mulu uja Lachiwiri mukungotsokomola. Ndati ndingolankhula, kulemba ndichedwa.

Eya, angadwalitse. Koma ine chimene chimandiopsa si fungo ayi, ndi fumbi. Mulu ukauma, mukamaugumula ndi fosholo, mwaona kafumbi kotuwa kamene kamatuluka ngati utsi kaja? Mmenemo mumakhala chuku, china amachitcha Aspergillus. Munthu wa mapapo abwino amachipuma osamva kanthu. Koma inu paja munadwalapo TB, ndiye TB imasiya zipsera, mwinanso timapanga m'mapapomo, ndipo chuku chimakonda kukakhazikika mmenemo. N'chifukwa chake ndakhudzidwa. Wa mphumu naye, kapena amene chitetezo cha m'thupi chatsika, ayenera kusamala chimodzimodzi.

Palinso kachilombo kena, Legionella, kamapezeka m'manyowa ndi m'dothi lobzalira maluwa. Kamayambitsa chibayo choopsa, ndipo munthu amayamba kudwala pakatha masiku 2 mpaka 10. Ndiye chonde amalume, thupi likatentha, likamaphwanya, mukamabanika popuma, kapena mukaona magazi m'makhololo, musadikire kuti kuche. Pitani kuchipatala, mukawauze adokotala kuti munagwira manyowa. Chimenechi musaiwale, chifukwa mankhwala ena a chibayo, monga amoxicillin, sapha kachilombo kameneka.

Ulendo wina muziyamba mwawaza madzi pamulupo kuti fumbi ligone. Muvale masiki, ya N95 ngati ilipo, ndipo muime kumene kukuchokera mphepo. Magolovesi osaiwala, chifukwa kabala kakang'ono ka munga n'kokwanira kulowetsa kafumbata, amene amakhala m'dothi ndi m'ndowe. Katemera wake munabayitsa liti? Ngati padutsa zaka 10, mukafunse kuchipatala.

Za ndowe zaziwisi, eee, mumakhala tizilombo totsegula m'mimba, ndiye mulu uzitentha mpaka madigiri 55 kwa masiku angapo musanathire m'dimba. Chimbudzi cha mphaka ndi galu chisalowemo, ndipo mayi woyembekezera asagwire cha mphakacho. Mukamaliza sambani m'manja ndi sopo musanadye.

Manyowawo musasiye kupanga, ndi abwino. Kungoti sabata ino mutume wina atembenuze, inu mupume kaye. Madzulo ndikuimbirani ndimve ndekha mmene chifuwacho chikumvekera.