Akuti nyumba siitsika mtengo: mawu amenewa ndinawamvera ku Dublin

Kalata ya achemwali ena a ku Cape Town yakhala masiku asanu ndisanaiyankhe. Akufunsa ngati angatenge ngongole kubanki kuti alipiriretu nyumba ya ku Lilongwe yomwe sinamangidwe, poti ogulitsawo awauza kuti nyumba siitsika mtengo. Achemwali, mawu amenewo andibaya. Ndinawamvapo kwa kapitawo wathu, ife tikusenza matumba a simenti, zala zitachita dzanzi ndi chisanu.

Ndinafika ku Ireland mu 2006. Chaka chimenecho dziko la anthu 4 miliyoni ndi pang'ono linamanga nyumba pafupifupi 90,000. Ukakwera basi kulowa mu Dublin, likulu la dzikolo, kumwamba kunali makireni okhaokha, makina aatali aja onyamulira katundu pomanga. Mabanki ankabwereketsa ndalama yonse yogulira nyumba, iwe osaikapo kako ngakhale kakobiri. Kapitawo uja anali ndi nyumba zitatu, zonse za ngongole, ndipo ankandiseka kuti ndikutaya ndalama pa lendi. Ine kumangomwetulira, mumtima nsanje ikundidya.

Mu September 2008 banki ya Lehman Brothers inagwa ku America, ndipo mabanki a ku Ireland, amene ankadalira ndalama zobwereka kunja, anapezeka alibe kotapa. Pa 30 September boma linalonjeza kuti liimira ngongole zawo. Ife za zonsezi tinkangozimva pa wailesi nthawi ya tiyi. Tinazimvetsa Lolemba lina titapeza geti la pamalo omangapo lili ndi loko, kapepala katamatidwa ndi tepi. Kontilakita, dzina ndisunge, anapita ndi malipiro anga a milungu itatu. Ndinaima pamenepo nsapato zachitsulo kumapazi, buledi wa nkhomaliro m'thumba, osadziwa ngati ndibwerere kapena ndidikire.

Milungu itatu ija inali malata. Nyumba yanga ya kumudzi inali itafika pa lintala, ndipo inakhala choncho zaka zinayi, mpaka mtengo wa mpapaya kumera pabalaza. Mayi anga ankati akamadutsapo amayang'ana kumbali. Za m'bale amene ankayang'anira ntchitoyo, yemwe matumba a simenti ankamera miyendo m'manja mwake, tidzakamba tsiku lina. Aliyense womanga ali kunja ali naye wake wotero.

Zimene zinatsatira ku Ireland n'zimene zimandipsetsa mtima mpaka lero. Anglo Irish Bank, imene inabwereketsa kwambiri omanga nyumba, boma linaitenga mu January 2009. Kupulumutsa mabanki kunadya mayuro pafupifupi 64 biliyoni, ndipo mu November 2010 dzikolo linagwada kwa European Union ndi IMF kupempha 85 biliyoni. Analipira ndani? Namwino, mphunzitsi, woyendetsa basi. Mitengo ya nyumba inatsika ndi theka. Kalembera wa boma wa 2010 anapeza malo opitirira 2,800 omwe nyumba zinasiyidwa zosatha kapena zopanda okhalamo. Ndinadutsapo amodzi ku Longford: misewu yopanda magetsi, mapaipi ali pamtunda, khomo limodzi lokha lili ndi makatani, pakati pa zigoba. Banja limenelo linali kulipirabe ngongole yonse. Ndiye wina azindiuza kuti nyumba siitsika mtengo? Ndi bodza, ndipo onena amadziwa kuti ndi bodza.

Chigoba cha likulu la Anglo chinaima zaka m'mbali mwa mtsinje wa Liffey, mu Dublin, chosamalizidwa. Anadzachigula n'kusamukiramo ndi a banki yaikulu ya dzikolo. Ndikakumbukira ndimaseka ndekha.

Tsono za funso lanu

Kwathu vuto limabwera ndi nkhope ina. Mtengo wa nyumba m'makwacha ukhoza kumangokwera, koma kwachayo ndiye amasungunuka. Mu November 2023 inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, simenti ndi zitsulo n'kukwera nthawi yomweyo. Womanga amene analandira ndalama zanu pa mtengo wakale amachita chimodzi mwa ziwiri: kukupemphani zowonjezera, kapena kuzimitsa foni. Ndipo pamene Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti mu 2024, mukuganiza kuti banki yanu ikulipiritsani zingati?

Ine sindingatenge ngongole pa nyumba imene ili papepala. Ngati mtima wanu wakana kubwerera, onani chikalata cha malowo ndi maso anu ku ofesi ya za malo, mupite ndi loya wanuwanu osati wa ogulitsawo, ndipo muzilipira pang'onopang'ono: maziko akatha, pa lintala, denga likakwera. Akakana zimenezo, ma rand anu abwerere m'thumba.

Ya kumudzi ija ndinafolera mu 2013. Mpapaya tinadula, koma mayi anayamba akana, ati unkabereka bwino.